Fomu Imene Amayi a Chikwama Sanasaine

Malemu anabadwa pa 9 Epulo 1962, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa siteshoni ya sitima, kumene bambo athu ankagwira ntchito yokonza njanji. Anali oyamba kubadwa m'banja la ana anayi. Ine amene ndaima pamaso panu ndine mzime m'banjamo, ndipo ntchito yanga ndi ya utelala. Akubanja andituma kuti ndiwerenge mbiri ya achemwali anga, ngakhale kuti kutsogoloku kwakhala akuluakulu a yunivesite amene akanaiyala bwino kuposa ine. Mundipirire, abale ndi alongo. Mbiriyi ili ndi malo amodzi pamene ine ndikulowamo moipa, ndipo ndikafika pamenepo sindilumpha.

Anayamba sukulu mu 1969. Pa 2 Novembala 1973, ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, anaperekeza mayi athu ku chipatala chaching'ono cha pafupi ndi siteshoniyo, atasenza beseni ndi nsalu. Mayi anachira bwinobwino dzuwa lili paliwombo, mwana wamwamuna. Koma magazi sanasiye. Mzamba anali mmodzi yekha, munthu wachifundo ndi wakhama, ndipo ankangosintha nsalu n'kumati asiya posachedwa. Malemu anaima pakhomo n'kumalandira nsalu zonyowa, kuika m'beseni, kupereka zouma. Pamene ankatuma munthu kukaitana galimoto n'kuti mayi atayamba kale kuzizira mapazi. Anatsikira kuli chete dzuwa lisanalowe. Mwana amene anabadwa tsiku limenelo ndine. Malemu sanamuimbe mlandu mzamba uja ngakhale tsiku limodzi. Ankati munthuyo anali ndi maso ndi manja, chimene analibe n'chomuuza kuti apa magazi apitirira muyezo.

Kuchokera tsiku limenelo achemwali anakhala mayi anga. M'mawa ndinkatsala ndi azakhali, iwo akaweruka kusukulu ankandibereka kumsana, buku lili m'manja. Zinthu ziwiri ndinaziphunzira msanga pa iwo: sankafuna zinyalala, ndipo sankafuna bodza. Chinthu chikatha ntchito, chinkatuluka m'nyumba tsiku lomwelo. Pa moyo wanga wonse anandimenya kamodzi kokha, nditaswa kapu ya bambo n'kunamizira mphaka. Atatha kundikwapula anati: “Kapu si mlandu, iwe. Mlandu ndi pakamwa pakopo.” Ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Lero mutu wayera, koma mawuwo ndimawamvabe.

Mu 1977 anasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo mu 1982 analowa sukulu ya unamwino ndi uzamba. Atamaliza mu 1985 anagwira ntchito m'zipatala zazing'ono zaka zisanu ndi zitatu, zambiri mwa izo zopanda magetsi odalirika. Pa 18 Julayi 1987 anamanga banja ndi alamu athu, amisiri a zamagetsi, munthu wofatsa amene ankati m'nyumba mwawo lamulo limodzi lokha ndi limene iwo anapanga, loti akazi awo azimveredwa. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu. Mu 1994 malemu anabwerera ku sukulu, ku yunivesite, ali kale mayi wa ana, ndipo mu 1999 yunivesite yomweyo inawalemba ntchito yophunzitsa azamba. Ophunzira awo amene muli pano mukukumbukira kuti inki yofiira sankaigwira. Ankachonga ndi cholembera chobiriwira, n'kumati zofiira anaziona zokwanira.

Kuyambira 2003 mpaka 2007 anachita kafukufuku amene anali mtima wa moyo wawo wonse. Ine ndimufotokoza monga anandifotokozera, mwa chitelala. Chipatala chilichonse, ngakhale chosauka motani, chimakhala ndi sikelo yoyezera ana. Malemu anati nsalu iyezedwe pa sikeloyo ili youma, n'kuyezedwanso ikanyowa, ndipo kusiyana kwake kuzilembedwa pa tchati cha pakhoma chokhala ndi mizere itatu. Zikafika pa mzere wachiwiri, mzamba aitane ambulansi pomwepo, osadikira, osafunsa maso ake. Anayenda m'zipatala khumi ndi zinayi, ndipo azamba makumi atatu ndi mmodzi ndiwo ankayeza ndi kulemba, zaka zinayi zathunthu, pamwamba pa ntchito yawo ya masiku onse. Manambala ake ndiwasiyira akuluakulu. Chimene ndikudziwa n'chakuti pamaliro pano pali amayi amene anauzidwa ndi azamba awo kuti tchati chimenecho ndicho chinawaitanira galimoto nthawi ikadalipo.

Mu Meyi 2008 magazini ina ya kunja ya madokotala ndi azamba inavomera kusindikiza zotsatira za kafukufukuyo. Kunyumba kunali chimwemwe. Osindikizawo anatumiza fomu ya masamba awiri, ndipo malemu anaisainira pakhonde la kalasi, ataitsamiritsa pakhoma, ophunzira akuwadikira mkati. Tsamba lachiwiri sanaliwerenge. M'menemo ndi mmene munalembedwa kuti kuyambira tsiku limenelo zolembazo si zawonso, ndi za osindikiza. Munthu amene ankawerenga ngakhale tizilembo ta pa botolo la mankhwala a chifuwa anasaina ntchito ya zaka zinayi ataimirira. Ankanena okha pambuyo pake kuti chimwemwe chinawatseka m'maso.

Pa 6 Febuluwale 2009 alamu athu anatisiya mwadzidzidzi, atagwa pantchito ndi matenda a mtima. Miyezi itatu itapita malemu anasamukira m'nyumba yaing'ono, ndipo posamukapo anasesa monga mwa khalidwe lawo. Magazini yosindikizidwa ija anaiika m'kabati ya galasi. Mapepala onse amene ankalembapo ndi kufufutapo asanasindikize anawalonga m'makatoni atatu n'kundiitana. Anati chovala chikatha, tizidutswa ta nsalu sasunga, ndipo ineyo monga telala ndiyenera kudziwa zimenezo. Anandiuza kuti ndikawotche. Ndinanyamula makatoniwo panjinga. Mlungu wotsatira atandifunsa, ndinati ndawotcha.

Mu 2010 kunabwera mzamba wina wa ku chimodzi mwa zipatala zija, amene lero wakhala kumbuyo uko atavala yunifolomu. Ankafuna kuona ndi maso ake ntchito imene anaikhetsera thukuta. Malemu anamutenga monyadira kupita naye ku laibulale, nakhala naye pa kompyuta. Panatuluka mutu wa nkhani, dzina la malemu, ndi mizere khumi. Pansi pake panali kabokosi kofuna kuti alipire kaye, ndalama zimene mzambayo sakanazichotsa pakamwa pa ana ake. Yunivesite nayo inali itasiya kulembetsa magaziniyo, moti ngakhale mwini dzina sakanatha kutsegula. Mzambayo sanakwiye. Anangofunsa kuti: “Mayi, nsalu zija tinkayeza ndife, nanga amenewa akutsekera ndani?” Malemu ankati manyazi a tsiku limenelo sanawachoke mpaka kale.

Kuyambira pamenepo anayamba kuyenda ndi chikwama chakuda chodzaza makope a kafukufuku uja ojambulidwa pa makina. Kumsonkhano, kuchipatala, pa basi, akangomva kuti uyu ndi mzamba, ankatsegula zipi. Ophunzira anawapatsa dzina loti Amayi a Chikwama, ndipo ambiri mwa inu dzina limenelo ndi limene mukulidziwa. Ife tinkawaseka kuti akhala ngati ogulitsa mankhwala a makoswe. Koma iwo chikwamacho sichinkawakhutiritsa. Ankati: “Amene amandidziwa ndimawapatsa. Nanga mzamba wa kutali amene sanandimvepo, ali yekha ndi beseni, andipeza bwanji? Ndipo ndikafa, chikwamachi adzanyamula ndani?” Chimene ankafuna n'chakuti ntchitoyo ikhale poyera, pamene aliyense angaipeze popanda kupempha munthu.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mu 2012 malemu analembera akuluakulu a yunivesite kupempha kuti pakhale ndondomeko yoti kafukufuku aliyense wochitika pa yunivesiteyo aziwerengedwa ulere. Anawayankha powaika mu komiti. Abale anga, ine sindinkadziwa kuti komiti ndi chinthu chokhala ndi moyo wautali chotero. Ankakumana m'chipinda chapamwamba, cha tebulo lalitali ndi mawindo osatseguka. Ena ankati chaulere anthu amachipeputsa. Ena ankaopa kuti osindikiza a kunja asiya kuwalandira. Ena ankati anzawo adzawabera nzeru. Ena, Mulungu andikhululukire, ankangoopa kuti zolemba zawo zikatseguka anthu aziwerenga. Lero anthu sanakwane, mawa wapampando wapita kunja, mwezi wamawa nkhani yabwezedwa kuti ikaunikidwenso. Pa zaka zimenezo ine ndinasoka mikanjo ya atsogoleri atatu osiyana a yunivesite, nkhani ili yomweyo. Malemu sanajombe msonkhano ngakhale umodzi.

Ndondomekoyo inavomerezedwa pa 28 Malichi 2019, patatha zaka zisanu ndi ziwiri. Inati zolemba zonse za kafukufuku ziziikidwa m'nkhokwe ya laibulale ya pa intaneti, kuti aliyense, kulikonse, aziwerenga osalipira. Magawo awiri ndikufuna muwamvetse, chifukwa ndi amene atifikitsa pamene tili. Gawo 6 likuti popeza zosindikizidwa ndi za osindikiza, chimene chizilowa m'nkhokwe ndi kope lomaliza la mwini wake, monga linalili tsiku limene analivomera, osindikiza asanaligwire. Gawo 9 likuti mwini zolembazo asaine yekha, ndi dzanja lake, pa fomu yokhala ndi nambala, kutsimikiza kuti kope limenelo ndi lenileni. Gawo 9 analemba ndi malemu. Anzawo ankati laumitsitsa, koma iwo anali ataona akuluakulu akuika maina awo pa ntchito za ana asukulu, ndi ena akusintha manambala mwakachetechete. Analimenyera zaka ziwiri mpaka linadutsa momwe analilembera.

Mu 2020 osindikiza aja anayankha kalata imene malemu anawalembera n'kuvomera kuti kope lomaliza la mwini wake likhoza kuikidwa poyera. Chitseko chimene malemu anagogoda zaka khumi chinali chitatseguka. Anapita kukafuna kope lawo, ndipo silinapezeke. Kompyuta ya mu ofesi ya nthawi imeneyo inatayidwa kalekale ndi zonse zinali m'menemo. Mayi amene ankawataipira anali atamwalira. Kampani ya osindikiza inali itagulidwa ndi ina, ndipo atsopanowo anati zakale sasunga. Kope la papepala linali m'makatoni atatu aja. Anabwera ku shopu kwanga, naima pakhomo, n'kundifunsa ngati ndinawotchadi onse. Ndinati eya. Limenelo linali bodza lachiwiri.

Zoona zake ndi izi. Mapepalawo anali olimba, oyera mbali imodzi, ndipo telala aliyense pano akudziwa kuti pepala lotere ndi labwino kudulira mapatani. Ndinkawalumikiza ndi guluu anayianayi kapena asanu ndi limodzi, n'kujambulapo msana wa chovala, mkono, kolala. Ambiri anang'ambika n'kutha m'kupita kwa zaka. Ena ndinakulungira zovala za makasitomala. Pamene ankandifunsa mu 2020 ndinadziuza kuti chimene akufuna ndi chinthu chooneka ngati buku, osati zidutswa zopachika pa msomali, ndipo kuulula kungowapweteka mtima pachabe. Sindinapite kukayang'ana n'komwe. Munthu akafuna kusadziwa chinthu, amadziwa bwino kumene sayenera kuyang'ana.

Mayi woyang'anira nkhokweyo ku laibulale, amene malemu ankamutenga ngati mwana wawo, anawapatsa nzeru. Anati atenge zosindikizidwa zija, azitaipenso zonse, n'kusaina kuti ndilo kope lomaliza, palibe angadziwe. Ana awo anawachonderera kuti avomere. Inenso ndinawachonderera, ndi pakamwa panga pomwepa. Anakana. Anati osindikiza anasintha mawu ndi matebulo a manambala, choncho limenelo silingakhale kope la 2008, ndipo iwo sangasaine kuti ndilo. “Lamuloli ndalemba ndine. Woyamba kulizembera asakhale ine, chifukwa wachiwiri sadzasowa.” Ndinkaona ngati ndi liuma chabe, ndipo mwina linalimo, pakuti achemwali anga akati ayi, ngakhale mutabwera ndi m'busa. Anapuma pantchito mu 2022. Pofika nthawi imeneyo m'nkhokwemo munali zolemba zoposa zikwi zinayi za anthu ena, kuphatikizapo za aja ankatsutsa mu komiti. Za malemu munalibe.

Matenda anayamba mu Ogasiti 2023. Woyamba kuwaona ndinali ine, pa tepi yoyezera, chifukwa diresi limodzi ndinalibweza m'chiuno kawiri m'miyezi iwiri. Mu Okutobala madokotala anapeza khansa ya m'chiwindi, itafalikira kale. Malemu anamva zonse modekha, nafunsa mafunso amene anachititsa madokotala achinyamata kuyang'anana. Analandira chithandizo akuchokera kunyumba. Mphamvu zinkatha, koma chikwama chija chinkakhala pambali pa mpando wawo, ndipo anamwino obwera kudzawaona sankatuluka chimanjamanja.

Tsopano ndafika pamalo paja ndinanena. Lamulungu, pa 11 Febuluwale chaka chino, ndinapita kukawaona. Tinakhala pakhonde masana. Anayamba kukamba za kope lija ngati munthu akukamba za mwana amene anasowa. Anati akulikumbukira bwinobwino: pa tsamba loyamba panali chizindikiro chozungulira cha kapu ya tiyi imene alamu anaikapo mosasamala, ndipo pamwamba analembapo ndi inki yobiriwira tsiku limene analivomera, n'kudula mzere pansi. M'mawa mwake nditatsegula shopu, ndinatsitsa pa msomali mapatani amene ndakhala nawo nthawi yaitali kuposa onse, a yunifolomu za anamwino, ntchito imene malemu omwewo anandipezera. Ndinatembenuza patani ya msana. Chizindikiro cha kapu chinali pomwepo, ndi inki yobiriwira pamwamba pake. Ndinakhala pansi pa simenti.

Abale anga, ndinakhala chete miyezi inayi. Lamulungu lililonse ndinkapita kukawaona nditanyamula zipatso, n'kubwerako osanena. Ndinkati ndinena akapezako bwino. Ndinkati ndinena ana akachoka. Ndinkati mapepala odulidwa ndi sizasi, omatidwa guluu, odetsedwa ndi choko, adzawathandiza chiyani. Zonsezo zinali zophimba. Choona n'chakuti munthu wa zaka makumi asanu, wa zidzukulu, ndinkaopa kuima pamaso pa mayi amene anandilera n'kunena kuti ndakhala ndikukunamizani zaka khumi ndi zisanu. Ndinkaopa nkhope yawo kuposa mmene ndinkaopera imfa yawo. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo mwambi umenewu lero sindikuuphera munthu wina.

Pa 3 Juni anagonekedwa m'chipatala chachikulu. Lachisanu, pa 14 Juni, dokotala anatiitanira pakhonde la wodi n'kutiuza kuti tisawerengenso miyezi, tiziwerenga masiku. Loweruka m'mawa ndinatsitsa mapatani onse pa msomali, ndinawakulunga m'nsalu yoyera, n'kupita nawo. Ndinawayala pa bedi, pamwamba pa bulangeti: msana, mikono iwiri, chifuwa, kolala, matumba. Mwana wawo woyamba anayamba kutembenuza n'kumawerenga manambala a masamba. Anali masamba makumi awiri ndi anayi. Makumi awiri ndi limodzi anali athunthu, atatu sizasi inadya m'makona mokhota mkono ndi khosi, koma panalibe tebulo kapena nambala imene inapita.

Malemu anayang'ana nthawi yaitali, chala chili pa chizindikiro cha kapu chija. Kenaka anati: “Iwe, unati wawotcha.” Ndinati ndinanama, achemwali. Anati: “Kawiri.” Ndinavomera. Anamwetulira pang'ono, n'kunena kuti zaka zonsezi anamwino akhala akuvala kafukufuku wawo kumsana osadziwa. Ndinayesa zathera pomwepo. Koma anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso, nandifunsa kuti ndinadziwa liti kuti mapepala ake ndi amenewa. Ndikanatha kunena kuti dzulo. Palibe akananditsutsa. Ndinati mu Febuluwale. Anatseka maso. Sanandikalipire, sanalire, ndipo ndikanakonda akanandimenya monga tsiku la kapu lija. Atatsegula maso anangouza mwana wawo kuti aimbire a ku laibulale.

Mayi wa ku laibulale anafika ola lisanathe. Anaona mapepalawo, anagwetsa misozi, natsimikiza kuti ndilo kope lofunikalo ndipo likhoza kujambulidwa momwe lilili. Chinatsala ndi fomu. Mafomu a nambala amakhala m'kabati yokhoma mu ofesi ya kalembera, ndipo wosunga makiyi anali atapita kumudzi mpaka Lolemba. Mayiyo anang'amba pepala m'kope lake n'kupempha kuti malemu asaine pamenepo, zina zikakonzedwa pambuyo. Tonse tinawachonderera, ngakhale namwino amene ankasintha dripi. Malemu anapukusa mutu. “Gawo 9 likuti fomu ya nambala. Lolemba si kutali.” Anapempha cholembera chawo chobiriwira, nachiika pa kakabati ka pambali pa bedi kuti chikhale pafupi.

Lamulungu m'mawa anasiya kuyankhula. Anatisiya tsiku lomwelo, pa 16 Juni 2024, nthawi itangopitirira 3 koloko masana, ana awo onse atatu ali pambali pawo. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza ziwiri.

Lolemba m'mawa mayi wa ku laibulale anafika kunyumba ya maliro ali ndi fomu m'manja, nambala yake ili pakona. Anatiuza kuti wawerenga ndondomeko yonse kuyambira gawo loyamba mpaka lomaliza, ndipo palibe pamene ikunena chochita mwini zolemba akamwalira. Anthu ophunzira anakhala zaka zisanu ndi ziwiri pa tebulo lalitali lija, achemwali anga ali pomwepo, ndipo palibe anakumbukira kuti olemba amafa. Wachibale wina, mwa chifundo, ananong'oneza mwana woyamba wa malemu kuti kalembedwe kake kamafanana kwambiri ndi ka mayi ake, angosaina n'kuikapo deti la Loweruka. Mwanayo anakana, ndipo anakana ndi mawu a mayi ake enieni. 

Akuluakulu a yunivesite amene mwatilemekeza ndi kubwera kwanu, sindinaime pano kuti ndikuimbeni mlandu. Mlandu ndi wanga. Ndikanatsegula pakamwa mu Febuluwale, malemu akanasaina atakhala pakhonde pawo, n'kuona ndi maso awo ntchito yawo ikutseguka. Madzi akatayika saoleka. Koma banja landituma kuti ndikuuzeni kuti masamba makumi awiri ndi anayi ali ku laibulale kwanu, fomu ili pamwamba pake, ndipo malo osainapo tawasiya opanda kanthu. M'banja mwathu palibe adzalembapo dzina la malemu. Tamva kuti nkhaniyi iyenera kupita ku komiti. Tikupempha, modzichepetsa, kuti ulendo uno isatenge zaka zisanu ndi ziwiri, chifukwa amene ankakhala pa tebulo lija osajomba ndi amene agona apawa.

Chikwama chija tabwera nacho. Chili pa tebulo la pakhomo, ndipo mwatsala makope khumi ndi limodzi. Azamba amene muli pano, potuluka tengani limodzilimodzi, ndipo mukafika kwanu muwerengetse anzanu. Akatha amenewo, atha.

Malemu asiya ana atatu, aakazi awiri ndi wamwamuna mmodzi, ndi zidzukulu zisanu. Asiyanso mng'ono wawo mmodzi ndi alongo awo awiri, mmodzi mwa iwo ndi ine. M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino a mu wodi imene anagonamo, ambiri mwa iwo ana awo a m'kalasi, amene ankawatembenuza ndi kuwasambitsa mwaulemu. Ndikuthokoza mayi wa ku laibulale amene anathamanga ndi fomu ngakhale ankadziwa kuti wachedwa. Ndikuthokoza azamba makumi atatu ndi mmodzi aja, amoyo ndi amene anatsogola. Ndikuthokoza ampingo, anansi amene akhala nafe kuyambira Lamulungu, amene mwatithandiza ndi magalimoto ndi mipando, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzatiperekeza. Ambuye akubwezereni pamene mwachotsa.

Achemwali, cholembera chanu chobiriwira ndinachitenga pa kakabati kaja, chili m'thumba mwanga muno, ndipo sindikudziwa woti ndimupatse. Munati Lolemba si kutali. Linali kutali, achemwali, ndipo amene analitalikitsa ndine. Pitani bwino mukapume kumene kuli mayi athu. Mzimu wanu uuse mumtendere.